Musagwedezeke, Bambo Chibakera

"Anyamata, sendezani mitu kuno. Umphawi watha lero."

Anatero Vic Sturgess, yemwe dera lonse la Bermondsey mu London linkamudziwa ndi dzina loti Chibakera, atakhala pakona ya bala ya Nkhumba ndi Belu Loweruka lina masana. Mawu amenewa anzake awiri aja anali atawamvapo mpaka kutopa nawo. Anawamva tsiku lomwe anaba lole imene ankaiyesa ya fodya, n'kupeza yodzaza mipando ya m'chimbudzi. Anawamvanso tsiku lomwe anaboola khoma la golosale imene mwini wake anali atasamuka kalekale. Komabe anasendeza mitu, poti wogula mowa anali iyeyo.

Woyamba anali Cyril Pogson, kamunthu kowonda kotchedwa Tizala. Loko aliyense wa mu London ankamumvera, koma kanali ndi matenda amodzi oipa kwambiri kwa mbava: chikumbumtima. Wachiwiri anali Wilf Tranter, dalaivala wa gululi, chimunthu chonenepa chotchedwa Mabuleki. Chibadwire chake sanadutsepo getsi lofiira. Tsiku lina apolisi akuwathamangitsa, anaima kuti gogo wina awoloke msewu ndi kagalu kake.

Chibakera anasuzumira uku ndi uku, napisa dzanja m'jekete, n'kutulutsa magazini ya zithunzi ija ya mlungu ndi mlungu yotchedwa Kuseri kwa Mwezi.

"Bigi, mwatiitanira kabuku ka ana?" anafunsa Tizala.

"Ndakatola m'basi," anayankha Chibakera mofulumira kuposa muyeso. "Taona pachikuto apa, kape iwe. Mphoto ya mpikisano. Mfuti ya m'mlengalenga yagolide weniweni. Ukuganiza ili kuti panopa?"

"Kwa mwana amene anapambana."

"Palibe anapambana! Kukampani yawo kuli sitalaka. Olemba, osindikiza, onse ali pageti kuwotha mbaula. M'maofesi muli mbewa zokha. Timalowa masana dzuwa likuswa mtengo, titavala ngati otsuka mawindo, iwe umanong'oneza chibokosi chachitsulo, Mabuleki amatinyamula, basi. Madzulo tikudya nyama ya ng'ombe."

"Koma bigi ndinu dolo," anatero Mabuleki.

"Ubongo, mfana wanga. Ena Mulungu anawapatsa mimba."

Anagundanitsa zikho. Tizala anayamba kale kuwerengetsa suti imene adzagule.

Tsono ife odziwa tikuuzeni chimene chinkamudya Chibakera, poti golide uja analibe naye ntchito ngakhale pang'ono. Lachinayi lililonse, kwa zaka ndithu, chimphona choopedwachi chinkalowa mwakachetechete m'shopu ya nyuzipepala ya Mayi Dunkley n'kunena chapansipansi kuti, "Ija ya mwana wa mlongo wanga." Mayi Dunkley ankaitulutsa pansi pa kauntala osaseka n'komwe, ngakhale ankadziwa bwino kuti mwana wa mlongoyo anakwatira kale ndipo dazi linamuyamba. Chibakera ankakadzitsekera m'khola la nkhunda kuseri kwa nyumba, n'kuwerenga chala chili pamzere.

Munkakhala nkhani zingapo m'magazinimo, iliyonse timasamba tochepa, ndipo iliyonse inkadukira pamalo opweteka kuti ubwerenso mlungu wamawa. Munali ya apolisi a pa Jupita, ya achule odya mizinda, ya basi yotayika m'nyenyezi. Zonsezi ankawerenga. Koma mtima wake unali pa Kaputeni Ludlow, woyendetsa chombo wa mwendo wachitsulo, munthu amene sanasiyepo mnzake m'mavuto. Chibakera, amene anasiyapo anzake ambiri pamipanda ya eni, ankamukonda Ludlow kuposa m'bale wake.

M'kope lomaliza, Kaputeni anali atalendewera chadodolido pachingwe cha chombo chake. Pansi pake Chinyongolotsi cha ku Gorm chinali chitayasamula, mano mizere mizere, ndipo chingwecho chinali kuduka ulusi umodziumodzi. Lachinayi lotsatira Chibakera anafika kwa Mayi Dunkley chitseko chisanatsegulidwe.

"Kulibe, Bambo Sturgess. Sitalaka."

Mlungu winawo, kulibe. Wina uja, kulibenso. Munthu wamkulu anayamba kuwonda. Ankasiya tchipisi m'mbale. Ankangoti duu kuyang'ana khoma, mpaka mkazi wake Beryl anayamba kununkhiza malaya ake, kuganiza kuti kwabwera mkazi wina. Iye ankangoganiza za magazi amene akutsikira m'mutu mwa Kaputeni masabata onsewa. Kenako anakumbukira zimene anamvapo, zoti masamba amajambulidwiratu n'kusungidwa kuofesi. Ndiye kuti yankho linalipo, litagona m'kabati inayake tsidya lija la mtsinje, ndipo iye anali mbava.

Lachiwiri masana Mabuleki anaimika vani pafupi ndi kampaniyo, naibweza, naisendezanso, mpaka inalunjika bwinobwino ndi mzere woyera. Anatsika atavala maovololo, atanyamula makwerero ndi ndowa. Pageti panali chinamtindi cha anthu a sitalaka, zikwangwani m'mwamba, mbaula ya mgolo ikufuka, apolisi angapo akuyasamula patsidya pa msewu.

Tizala anaima nji.

"Bigi, apa nde ayi."

"Chavuta n'chiyani?"

"Mzere wa sitalaka uwo. Ine sindidumpha."

"Wapenga? Ndife mbava, sitikukagwira ntchito!"

"Kuba si ntchito yathu? Tikalowa pagetipo kukaba, ndiye kuti tagwira ntchito anzathu akunyanyala. Madala anga anakalambira kudoko, bigi. Atamva kuti mwana wawo wasanduka mthirakuwiri, angadzuke kumanda kudzandiwaza mbama."

"Akunena zoona," anatero Mabuleki. "Mumsewu mwathu muli mkulu wina anadumpha mzere nthawi ya nkhondo isanayambe. Mpaka lero palibe amamupatsa moni. Ngakhale galu wake."

Chibakera anakukuta mano. Choipa kwambiri chinali chakuti nayenso miyendo yake inkakana. Kwathu kuno munthu ukhoza kuba njinga ya abusa, anthu n'kukukhululukira pofika Khirisimasi, koma kudumpha mzere wa sitalaka ndi chipsera cha mpaka zidzukulu.

"Abale otsuka mawindo!" anakuwa mayi wina wa chipewa chaubweya. "Mwabwera kudzatilimbikitsa? Bwerani, tiyi uyu!"

Mmene ankati akane, makapu anali ali m'manja. Mmene ankati abweze makapu, Chibakera anali atanyamula chikwangwani, akuzungulira mbaula, akuimba nawo nyimbo imene sankaidziwa. Mabuleki anadya masangweji a anthu atatu. Tizala anagwidwa ndi mzimu mpaka anakwera pabokosi n'kulankhula za ufulu wa anthu ogwira ntchito, ndipo anamuombera m'manja.

Ali pakati pozungulira, nzeru inamufikira Chibakera. Anamukoka Tizala pakhutu.

"Mzerewu uli kuti?"

"Pageti."

"Kuseri kwa nyumbayi kuli mzere?"

"Kulibe."

"Ndiye tikakwera mpanda wakuseri, tadumpha mzere kapena taulambalala?"

Tizala anaganiza nthawi yaitali, milomo ikugwedezeka ngati akufunsa malemu bambo ake. "Kulambalala n'kololedwa," anagamula.

Anakwera mpanda wakuseri, natsamiritsa makwerero, n'kulowera pawindo. Ofesi ya Kuseri kwa Mwezi inali pamwamba penipeni, kachipinda konunkha fodya ndi guluu. Chibakera ankayembekezera malo a magetsi othwanima, mwina ndi loboti pakhomo. Anapeza matebulo okalamba, ketulo yakuda ndi kapeti yothimbirira. Anamva chisoni pang'ono, koma sanaonetse. Anagawa masokosi aatali a Beryl, aliyense anavala kumutu, nkhope zili phwatalala.

Tizala anagwada pachibokosi chachitsulo, khutu pachitseko, tizala tija tikuvina. Pasanapite nthawi chinatseguka. M'katimo munali chitini cha mabisiketi a chokoleti, amene mkonzi ankabisira anzake, ndiponso mfuti ija, ikunyezimira mochititsa kaso.

Mabuleki anagwada. Tizala anainyamula ndi manja awiri, n'kudabwa kupepuka kwake. Anakweza sokosi, nailuma. Utoto unatsala pamano. Anakhudza kachala kowombera, ndipo mfuti inalira kuti "nyiii" n'kulavula madzi m'diso la Mabuleki.

"Pulasitiki! Bigi, mwatiyenda njomba kapena akuyendani njomba ndi inuyo? Bigi?"

Bigi sanali kumva. Anali kutsidya kwa chipinda, akukoka madilowa aakulu otambalala, akufufuza m'mapepala ngati nkhuku padzala. Ndipo m'pamene kuseri kwa kabati kunamveka kutsokomola.

Onse atatu anakweza manja m'mwamba. Kuseri kwa kabati kunatuluka mkulu wina wa imvi, wa magalasi omangidwa ndi ulusi, atakumbatira mtolo wa mapepala aakulu okhuthala. Nayenso anali akuyesetsa kukweza manja.

"Musandimange, mabwana. Ndifotokoza."

"Ife si apolisi," anatero Mabuleki.

"Nanga ndinu ndani?"

"Mbava."

"Ambuye alemekezeke! Inenso."

Dzina lake anali Lionel Garbutt, wojambula. Anafotokoza kuti kampaniyi ikalandira zithunzi zako sibweza, ndipo dzina lako sililembedwa paliponse, kuopa kuti ungatchuke n'kuyamba matama. Anawalozera tsamba lake lina limene anatchingira windo losweka, ndi lina limene linali pansi pa ketulo, lili ndi zipsera za tiyi. Atamva za sitalaka anati mpata ndi womwewu, nalowera pawindo la kuchimbudzi kudzaba ntchito ya manja ake omwe.

"Mumajambula iti?" anafunsa Chibakera.

"Ya Kaputeni Ludlow. Simungaidziwe, ndi za ana."

Chibakera anamuyandikira mkuluyo. Anavula sokosi kumutu pang'onopang'ono, poti munthu ngati ameneyu sungamulankhule utavala chovala cha mkazi wako kumaso. Anapukuta dzanja paovololo, naligwira dzanja la mkuluyo ndi manja awiri.

"Bambo, ndinu? Ndinu amene munajambula tsiku lija Kaputeni ananyamula mnzake pamsana kudutsa chipululu cha mchere? Ine ndinalira, bambo. Nkhunda zanga ndi mboni."

Apa Tizala anaphulika.

"Hede! Chibakera wa ku Bermondsey! Ndakatola m'basi, eti? Mwatidumphitsa mpanda, mwatiimbitsa nyimbo, chifukwa cha katuni? Anyamata a ku Nkhumba ndi Belu akamva izi, bigi, mudzasamukira ku Scotland."

"Ndipotu mwavutikiranji," anawonjezera Mabuleki akupukuta misozi ya kuseka. "Chingwe chija sichingaduke. Ndi cha ulusi wa akangaude a pa Mwezi."

Anangozindikira mawu atatuluka kale. Anagwira pakamwa.

"Ndimagulira mwana wa neba," anatero chapansipansi.

"Ndiwe mbuli," anatero Tizala mosaganiza. "Cha akangaude chija chinapsa m'kope la Isitala. Ichi ndi chingwe wamba, anagula kwa amalonda a ku..." Nayenso anaima.

Anayang'anana atatuwo. Zaka zonsezi ankamwera limodzi, kubera limodzi, kugona chitokosi chimodzi, aliyense atabisa magazini yake pansi pa matiresi.

"Bambo Garbutt," anatero Chibakera, "tiuzeni chimodzi chokha. Apulumuka bwanji?"

Nkhope ya mkuluyo inagwa. Anatenga envulopu yaikulu patebulo la mkonzi, yomwe inkadikira kupita kosindikiza sitalaka ikangotha, n'kusolola tsamba lomaliza. Mitu itatu inawerama. Pachithunzi choyamba chingwe chinaduka. Pachiwiri Kaputeni anagwa. Pachitatu Chinyongolotsi chinatseka kukamwa. Pachomaliza chinageya, n'kulavula mwendo wachitsulo wokha. Mmunsi mwake munalembedwa ndi zilembo zazikulu kuti: NKHANI YOSANGALATSA, OWERENGA!

"Yosangalatsa?" ananong'ona Mabuleki.

"Mukaona alemba choncho, dziwani kuti kuli maliro," anatero Garbutt. "Magazini ikasiya kuyenda malonda, amaiphatikiza ndi inzake. Nkhani ziwiri zitatu zimasamukira kumeneko, zotsalazo amazipha. Mkonzi anandiuza kuti Ludlow ndi wachikale, amudye basi. Ndinajambula ndikutukwana."

Chibakera anakhala pansi, pakapeti pomwepo. Masabata onse aja ankaopa kuti Kaputeni akuvutika, osadziwa kuti anthu amupha kale, n'kumuika mu envulopu, n'kupita kukawotha mbaula. Zinamupweteka zedi. Misozi inatsika m'mphuno yake yokhota ija, imene inathyokapo kumanzere ndi kumanja koma osawongoka.

Kenako anadzuka, nkhope itasintha.

"Mujambulenso."

"Pepani?"

"Inki muli nayo, pepala ilo. Mujambulenso tsambali, tiliike mu envulopu. Ndani aone?"

Maso a Garbutt anayamba kuwala kuseri kwa magalasi. "Palibe amatsegula envulopu ikamatidwa. Koma ndani amupulumutse? Anzake onse tinawapha chaka chatha."

"Mngelo," anatero Mabuleki.

"M'mlengalenga mulibe angelo, muli maloboti," anatero Tizala.

"Mbava," anatero Chibakera. "Mbava ya m'mlengalenga. Yoopsa, koma ya mtima wabwino. Yooneka bwinonso."

"Zitheka," anatero Garbutt akunola pensulo. "Koma maso anga anatha, za m'mutu sindijambulanso. Kunyumba amandiimira ndi mayi a nyumba imene ndimachita lendi. Chinyongolotsi chija ndi iwowo akuyasamula. Ngati mukufuna tsamba lero, mundiimire ndinu."

Mmene zinakhalira ndi mmenemu. Tizala, poti ndi wopepuka, anamumangirira mwendo ndi lamba kupaipi ya kudenga, nalendewera chadodolido kukhala Kaputeni. Mabuleki anamukulunga m'kapeti, mutu wokha uli kunja, ndipo kuti kapeti isamasuke anaizengereza ndi chingwe cha telefoni kuyambira m'mapazi mpaka m'khosi. Anamugoneka pansi pa Tizala n'kumuuza kuti ayasamule. Chibakera anakwera patebulo la mkonzi, naima ndi mwendo umodzi ngati akuuluka, mfuti yagolide kudzanja lamanzere, dzanja lamanja litatambasuka kufuna kugwira dzanja la Tizala. Masokosi onse anavula, poti wojambula anati sangajambule nkhope zophwanyika.

"Bwino kwambiri. Tsopano musagwedezeke."

Pensulo inayamba kuyenda. Kenako burashi. Garbutt ankaimba chamumtima, atabwerera unyamata.

"Bigi, magazi akundidzadza m'mutu," anadandaula Tizala.

"Kaputeni wakhala choncho masabata angati? Pirira."

"Nsagwada zanga," anatero Mabuleki.

"Chinyongolotsi sichilankhula. Bambo Garbutt, pamphunopo mukafika muwongoleko pang'ono."

"Ndimajambula zimene ndikuona, Bambo Chibakera. Musagwedezeke."

Chithunzi choyamba chinatha: chingwe chaduka. Chachiwiri: mbava ikutulukira m'mitambo. Chachitatu: Chinyongolotsi chikudabwa, ndipo aliyense wodziwa Mabuleki akanachipatsa moni. Garbutt anali atangoyamba chomaliza pamene kunja kunabuka chimkokomo, nthungululu ndi malikhweru.

"Akuimba chiyani kunjako?" anafunsa Mabuleki pakona ya kamwa.

Garbutt anasuzumira pawindo. "Aa, zabwino. Sitalaka yatha. Mabwana avomera. Anthu akulowa."

"Akulowa kuti?"

"Muno."

Pansi zitseko zinayamba kumenyeka. Mapazi ambirimbiri anamveka pamasitepe, akukwera.

"Bigi, timasuleni!" anakuwa Tizala akuzungulira ngati nyama ya pabutchala. Mabuleki anayesa kudzuka, nangogubuduka n'kugunda kabati.

Windo lakuseri linali pomwepo, lotsegula, makwerero atatsamira bwinobwino. Chibakera akanangodumpha kamodzi. Akanatha ngakhale kudula lamba ndi chingwe, onse atatu n'kutsetsereka, poti masitepe a nyumba imeneyi ndi ambiri. Mwendo wake wam'mwamba unayamba kutsika wokha.

"Kwatsala manja," anatero Garbutt osadzutsa mutu. "Manja ndiye ovuta. Mukasuntha, ndalephera. Ndipo dzanja likapanda kugwira linzake, Kaputeni wagwa ndithu."

Thukuta linatsika pamphumi pa Chibakera. Anayang'ana windo. Anayang'ana pepala, pomwe zala za Kaputeni zinatambasuka m'malere, popanda wozigwira. Anakumbukira mipanda yonse imene anasiyapo anzake atakodwa buluku, iye n'kuliyatsa liwiro. Mwendo uja unabwerera m'mwamba.

"Aliyense akhale mmene alili," anatero. "Mabuleki, gubuduka ubwerere pamalo ako. Yasamula."

"Bigi, atimanga!"

"Tamangidwa kale, mbuzi iwe. Tizala, tambasula dzanja."

Chitseko chinatseguka. Analowa mkonzi, Bambo Crale, kamunthu ka ndevu zosongoka, kumbuyo kwake antchito ali piringupiringu. Mayi wa chipewa chaubweya uja anakuwa, "Si abale otsuka mawindo aja awa?" Wina anathamanga kukaitana apolisi, amene sanali patali, poti anali akadayasamula patsidya pa msewu.

Sajeni Mottram anali atagwirapo mbava zamitundumitundu pa moyo wake, zobisala m'mauvuni, zovala madiresi, koma anali asanapezepo mbava zodzimanga zokha n'kumudikira. Anaima pakhomo nthawi yaitali. Anayang'ana wolendewera, anayang'ana wa m'kapeti, anayang'ana chimphona choima ndi mwendo umodzi patebulo.

"Sturgess, ndiwe?"

"Ndine, bwana," anayankha Chibakera osatsegula mano. "Mundimange, sindikana. Koma chonde dikirani pang'ono. Kwatsala chala chachikulu."

"Ndawagwira ndine," anatero Garbutt, burashi ikuyendabe. "Ndinangodutsa kudzathirira maluwa, ndiye ndawachedwetsa mpaka mufike."

Muofesimo munalibe duwa ngakhale limodzi, koma palibe anafunsa. Sajeni anayenda pang'onopang'ono kukaima kumbuyo kwa wojambula. Diso lake linagwera patsamba lakale lija, lomwe linali patebulo. Analiwerenga mpaka pamwendo wolavulidwa. Ndevu zake zinanjenjemera. Kenako anayang'ana tsamba latsopano, ndipo anapuma mpweya wautali.

Wapolisi wina anatulutsa unyolo.

"Taima kaye," anatero Sajeni. "Sukuona kuti anthu ali pantchito?" Anasendeza nyale ya patebulo kuti iwunikire bwino pepala.

Muofesi monse munkangomveka burashi ndi kubuula kwa Tizala, yemwe nkhope yake inali itafiira ngati phwetekere. Garbutt anakoka mzere womaliza, nalemba dzina lake timalemba ting'onoting'ono padzino la Chinyongolotsi, n'kuuzira inki.

"Wagwira," anatero.

Apa m'pamene Bambo Crale anapeza mawu. "Zamisala zanji izi! Tsamba limenelo silisindikizidwa! Ludlow amafa, ndinagamula ndine. Bweretsani tsamba langa!" Anatambasula dzanja, koma la Sajeni linafika msanga.

"Pepani bwana, ili ndi umboni. Pali zidindo za zala za mbava zitatu. Pali ngakhale misozi."

"Mudzabweza liti?"

"Mlandu ukadzatha. Makhoti athu mukuwadziwa, sathamanga."

"Koma osindikiza akufuna envulopu lero lomwe! Tatsalira kale!"

"Ndiye mwayi wanu, tsamba lina ilo."

"Nanga limenelo si umboni?"

"Limenelo mbava sizinalikhudze," anatero Sajeni akupinda tsamba la imfa n'kulilowetsa m'jekete. "Ndaona ndi maso anga."

Mkonzi anayang'ana wotchi, anayang'ana antchito ake, amene onse anali atayamba kuyang'ana kudenga. Anatukwana mawu amene sangalembedwe m'magazini ya ana, nalowetsa tsamba latsopano mu envulopu, n'kumata.

Apolisi anamutsitsa Tizala akuona nyenyezi zenizeni. Koma analephera kumasula Mabuleki, poti mfundozo anamanga ndi Chibakera mwaluso lake lonse, ndiye apolisi anayi anamunyamula ndi kapeti yomweyo kutsika masitepe, iye akuwachenjeza kuti asathamange pokhota. Garbutt anatuluka pageti lakutsogolo, mtolo wa zithunzi zake uli m'khwapa, anthu akumusisita pamsana kuti ndi ngwazi. Chibakera anatsika patebulo, koma dzanja lamanja linakana kutsika. Linauma chotambasuka, moti unyolo anachita kuukweza m'mwamba kuti ulipeze.

M'galimoto ya apolisi, Tizala sanasiye kulira.

"Zaka ziwiri izi, bigi. Mwina zitatu. Chifukwa cha mfuti yothira madzi! Ndipo nkhope zathu zituluka m'dziko lonse, ife tomwe tachita kuimira. Loya adzanena chiyani?"

Chibakera ankamwetulira yekha, dzanja lili m'malere. Ndende ankaidziwa, phala lake ankalidziwa, ndipo Beryl adzakalipa mpaka denga kusasuka. Koma kwinakwake kuseri kwa nyenyezi, munthu wa mwendo wachitsulo anali moyo, ndipo anamugwira dzanja ndi Vic Sturgess wa ku Bermondsey.

Sajeni Mottram anakhala moyang'anana naye, maso ali pawindo.

"Bwana," anatero Chibakera, "zikomo."

"Usandithokoze. Ine zinthu za anazi sindiwerenga." Sajeni anakonza chipewa. "Kungoti mwana wa mlongo wanga amazikonda. Akanamva kuti Kaputeni wafa, sakanadya."

"Nanunso muli ndi mwana wa mlongo?"

"Ndili naye."

"Wamng'ono?"

Sajeni anasisita ndevu pamene galimoto inkawoloka mlatho.

"Wasinkhukirapo," anatero. "Lachinayi ndidzakubweretsera yake akamaliza kuwerenga."